Mwana wasankhidwa ku yunivesite, nanga akadya chiyani?

Tsiku limene bungwe la National Council for Higher Education latulutsa mayina a ana amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, mafoni sapuma. Mndandanda uja umayenda pa WhatsApp, aliyense akusakasaka dzina la wake. Kumene lapezeka kumamveka nthungululu, nkhuku imafa, ndipo aphunzitsi a pa CDSS pamene mwanayo analembera mayeso a Fomu 4 amayenda monyadira sabata yonse. Chimwemwe chimenechi n'choyenera, chifukwa malo ndi ochepa ndipo ana ambiri okhoza bwino MSCE amatsala. Koma kalata ya ku sukulu ikafika, yonena za fizi, za malo ogona ndi za zinthu zoti mwana apite nazo, m'nyumba muja mumayamba kukhala zii. Bambo amawerengetsera matumba a chimanga ndi mbuzi za m'khola. Mayi amaganiza za achibale a m'tauni oti angawaimbire. Mwana amaziona zonsezi, ndipo asanakwere n'komwe basi amakhala atalumbira mumtima kuti akafika kumeneko sadzavutitsa munthu ndi kupempha.

Ndinadutsamo m'zimenezi, ndipo lero ndine mmodzi wa achibale a m'tauni amene amaimbiridwa foni aja. Anthu akamakamba za ophunzira ovutika amanena ngati kuti thandizo kulibiretu. Si zoona. Kuli ngongole ya boma, kuli ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, kuli kachipatala ka pa sukulu, alangizi, mabungwe olipirira ana osowa, mipingo, ndi bungwe la ophunzira eni ake. N'zosakwanira, koma zilipo. Chimene chimandiwawa n'chakuti pafupifupi thandizo lonseli linakonzedwa kuti lizidikira munthu mu ofesi. Amene amafika mu ofesimo ndi wodziwa kale njira, wosachita manyazi ndi akuluakulu, wotha kulemba kalata ya Chingerezi chosalala, amene ali ndi mkulu wake woti anadutsapo kale. Wofunikira thandizo kwambiri, woyamba m'banja mwawo kuponda pa yunivesite, nthawi zambiri safikako, ndipo palibe amene amanyamuka kukamufuna.

Achikulire amene anaphunzira kale amadabwa akamva kuti mwana wa pa yunivesite akugona ndi njala, ndipo kudabwa kwawo n'komveka. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965 inali ndi ophunzira 90 okha. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, wosankhidwa ankapeza bedi likumudikira, kafiteriya ikuphika katatu pa tsiku, boma litanyamula pafupifupi zonse. Koma ubwino umenewo unali wa anthu owerengeka, ndipo ine sindiulirira. Malo anayenera kuwonjezeka. Mzuzu University inayamba kuphunzitsa mu 1999, Bunda inachoka mu Yunivesite ya Malawi n'kukhala LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, masukulu a udokotala ndi unamwino n'kukhala KUHeS. Ophunzira anachuluka kwambiri, mahositelo ayi. Makafiteriya anaperekedwa kwa anthu a bizinesi, ndalama zimene boma linkapereka kuti ophunzira azidyera zinathetsedwa, ndipo za mimba ndi denga zinasiyidwa m'manja mwa mwana ndi makolo ake.

Fizi nayo siinaime. Mu 2016 Yunivesite ya Malawi itaikweza kufika pa K400,000, ophunzira anachita zionetsero mpaka inatsitsidwa kufika pa K350,000. Mu 2023 inakwera kufika pa K650,000. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Ufa, mafuta ophikira, makala, lendi, sopo, zonse zinathawa. Mlimi wa ku Ntchisi kapena ku Phalombe amene amakolola kamodzi pa chaka sangathamange liwiro limenelo.

Mzati weniweni wa ophunzira osowa ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, ndipo aliyense amangoitchula kuti Loans Board. Imabwereketsa ndalama za fizi, za mabuku ndi zolembera, komanso zodyera ndi zogonera, zimene ophunzira amati apukipu. Ngongoleyi imafikanso kwa ophunzira a m'mayunivesite omwe si aboma koma ndi ovomerezeka. Popanda bungwe limeneli ana ambiri sakanaponda n'komwe pa geti, ndipo amene amalinyoza mwachisawawa sanaonepo nkhope ya mwana amene dzina lake latuluka pa mndandanda wa olandira loni. Koma kuti dzina lituluke, munthu ayenera kufunsira, ndipo kufunsirako kumasefa anthu bungwe lisanayambe n'komwe kusankha.

Mwana wa mlongo wanga atasankhidwa anandiimbira madzulo, mawu ali pansi. "Amalume, za loni zija akuti n'zapaintaneti. Kuno netiweki imagwira pa chulu pokha, ndiye fomu ikumafera panjira." Ndinamuuza kuti abwere. Tinakhala patebulo ndi laputopu, chiphaso chake cha unzika, ndi kalata ya imfa ya bambo ake imene mayi ake ankaisunga m'jumbo pansi pa sutikesi. Zonse zinkayenda bwino mpaka tinafika pa mafunso okhudza zimene makolo amachita. Anaima, zala zili m'malere. "Amalume, ndikalemba kuti amayi amagulitsa tomato pamsewu, sakandiseka? Bwanji tilembe kuti amachita bizinesi?" Ndinamuuza kuti, "Iwe mphwanga, fomuyi ikufuna kudziwa ngati uli wosowa. Ukadzikweza pano, ndalama zipita kwa wina." Analemba zoona, koma ndinaona kuti zamupweteka. Ndiye ganizirani mnzake wa m'kalasi mwake, wopanda amalume a laputopu, woti ndalama ya basi yopitira pa boma kukasindikiza mapepala ndi kukasainitsa kwa akuluakulu ndi ndalama ya ndiwo za sabata yonse. Ndipo mbali ina kuli ana a m'mabanja opeza bwino amene amadziwa kudzichepetsa pa pepala. Fomu imodzimodziyo, wolemera amailemba mochenjera, wosauka amailemba mwamanyazi.

Pali nkhani ya nthawi. Madandaulo akuti apukipu yachedwa timawamva kawirikawiri m'manyuzipepala ndi pa wailesi. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo china n'chakuti mayunivesite athu satsegulira limodzi, aliyense ali ndi kalendala yake. Koma kwa mwana amene ali pa sukulu, ndalama yobwera mochedwa si yofanana ndi ndalama yomweyo yobwera tsiku lotsegulira. Landilodi safunsa za kalendala. Masabata odikira aja ndi amene amatumiza mwana kwa wa katapila, ndipo apukipu ikamalowa imakhala itadyedwa kale ndi chiwongoladzanja. Ena amaponya kotsalako pa kubetcha mpira pa foni, poganiza kuti K2,000 ibereka ndalama ya lendi. Sindikuwaikira kumbuyo, koma ndikudziwa kuti ambiri sayamba kubetcha chifukwa cha dyera.

Ndipo tisanaloze boma chala, tiyeni tidziyang'ane ife amene tinamaliza. Ngongole za ophunzira zinayamba m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndalama zake zimayenera kuzungulira: wabwereka, waphunzira, wagwira ntchito, wabweza, wina wabwereka. Lamulo limafuna kuti olemba ntchito azidula ngongoleyi pa malipiro. Komabe pali anthu a magalimoto abwino, ena okhala ku Johannesburg ndi ku London, amene anaphunzira ndi ndalama zimenezi ndipo sanabwezepo ngakhale tambala. Wosapeza ntchito ndimamumvetsa. Koma wolandira malipiro mwezi ndi mwezi amene amazemba ngongoleyi akudya nsima ya mwana wa chaka choyamba, ndipo sindipeza mawu ofewa onenera zimenezi.

Za malo ogona n'zimene makolo ambiri sazidziwa mpaka atapita kukaona ndi maso. Amene sanapeze bedi pa sukulu amakapanga lendi m'madera ozungulira: ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, ku Chitawira ndi ku Ndirande ku Blantyre, kwa Goliati kufupi ndi Ndata. Pali nyumba zabwino ndi malandilodi achifundo, koma pali zipinda zina zoti simungalole mwana wanu kugonamo. Matiresi pansi, ana anayi m'kachipinda kamodzi, mbaula pakhomo, chimbudzi chokumba chogwiritsa ntchito anthu a mpanda wonse, chitseko cha loko wa pa golosale. Magetsi akazima amawerengera pa tochi ya foni. Laibulale ili pa sukulu, ndiye wofuna kuwerenga mpaka usiku ayenera kubwerera mumdima atanyamula laputopu imene banja lonse linasonkherana. Anyamata amalandidwa. Atsikana ambiri amangosiya kupita ku laibulale usiku, ndipo kusiyako kumaoneka pa zotsatira za mayeso, ngakhale palibe amene amalemba kuti chifukwa chake ndi njira ya mdima. Ena amaskwata, kugona awiriawiri pa bedi limodzi mu hositelo mobisala, akudziwa kuti akagwidwa ndi mlandu. Mwana wokhala kunja ndi wa yunivesite chimodzimodzi ndi wa mu hositelo, ndipo ofesi yoona za ophunzira iyenera kudziwa nyumba zimenezi, kuziyendera, ndi kukhala ndi mndandanda wa zimene yaziona kuti n'zoyenera, woti mwana wochokera ku Chitipa auone asanatumize ndalama kwa munthu amene wangomupeza pa Facebook.

Koma njala ndiye nkhani yaikulu, ndipo njala ya pa yunivesite imabisala. Wa ku pulayimale akakhala ndi njala amagona pa desiki, aphunzitsi n'kuzindikira. Wa ku yunivesite amasita malaya ake, amapukuta nsapato, amalowa m'kalasi ya anthu mazana angapo n'kukhala kumbuyo. Kumene ndinaphunzira ine kunali mnyamata wina amene tinkagona naye chipinda chimodzi, wanzeru kuposa tonsefe pa masamu. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ankanyamula mabuku n'kunena kuti akupita ku laibulale. Tikamuitana pa nsima ankayankha kuti, "Pitirizani akulu, ine ndadya kale." M'kabati mwake munali kapu, supuni ndi kapepala ka shuga. Ankasungunula shuga m'madzi ozizira, kumwa, n'kugona chafufumimba. Titazindikira tinayamba kuphika mowonjezera ndi kumukakamiza, ndipo masiku ena ankadya, koma nafenso bonya ndi nyama ya soya zinkatithera mwezi usanathe. Anagulitsa foni. Kenako anayamba kujomba makalasi a m'mawa chifukwa ankapita kukaphunzitsa ana a eni ake masamu kuti apeze ya ufa. Mayeso atafika anali munthu wotheratu. Analephera maphunziro angapo, sapu (mayeso obwereza a amene alephera) inamukanika, ndipo anawidedwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu. Pa pepala analembedwa kuti wachotsedwa chifukwa cholephera maphunziro.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti panali njira, ndipo palibe mwa ife amene ankaidziwa. Malamulo a mayunivesite athu amalola wophunzira kupempha kuti aime kaye pa zifukwa za ndalama kapena za matenda, malo ake n'kusungidwa kuti adzabwerere. Kusiyana kwa kuima mwa njira imeneyi ndi kuwidedwa n'kwakukulu kwambiri. Woima kaye akadali wophunzira. Akhoza kupita kwawo, kulima fodya kapena soya, kupeza womuthandiza, n'kubwereranso. Wowidedwa watuluka, ndipo amabwerera kumudzi ndi dzina loti sukulu inamukanika. Chofunika ndi kalata, yolembedwa nthawi isanathe, mayeso asanalembedwe. Zimenezi zimakhala m'kabuku ka malamulo kamene amagawa kapena kutumiza sabata yoyamba, sabata imene mwana wa chaka choyamba ali balala, akusochera m'makonde, akuopa makonti, ophunzira a zaka zapamwamba, amene akumutcha yaro, dzina lonyozera wa chaka choyamba. Akuluakulu amaima kutsogolo mu holo n'kulankhula motsatizana, aliyense kunena kuti ofesi yake ndi yotsegula. Miyezi itatu pambuyo pake, pamene mavuto afika, mwana sakumbukiranso kuti ananena zija anali ndani.

Ngati mukuwerenga izi muli pa sukulu ndipo zinthu zakuthinani, pitani ku ofesi ya Dean of Students, kwina amati Director of Student Affairs, mayeso asanayandikire. Pitani ndi kalata, sungani kope yake, ndipo funsani dzina la amene wailandira. Ofesi imeneyi si yoweruza milandu yokha ayi. Ndi imene imadziwa mabungwe amene abweretsa ndalama zothandizira osowa, ndi imene ingakulembereni kalata yopita kwa ofuna kuthandiza, ndi imene ingakuuzeni ngati n'kotheka kulipira fizi pang'onopang'ono. Anthu ogwira ntchito mmenemo ambiri ndi makolo, ndipo alipo amene amatulutsa ndalama m'thumba mwawo kugulira mwana chakudya osauza munthu.

Akuluakulu a sukulu akafunsidwa chifukwa chimene sanathandizire mwana wakutiwakuti, yankho limakhala loti sanabwere kudzanena. Makolo athu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mwambi umenewu ndi umene ukuyendetsa ntchito yosamalira ophunzira m'dziko muno. Pa nkhani iyi ndikuukana. Mwana amene wakulira m'nyumba yoti umphawi ndi chinsinsi, amene anaphunzitsidwa kuti wamkulu sumuyang'ana m'maso, amene mudzi wonse unamuperekeza ndi nyimbo, sangagogode pa ofesi ya munthu wa madigiri atatu n'kunena kuti sindinadye chidzulo. Amaopanso kuti nkhani ikafika kumudzi mayi ake agulitsa munda. Ndiye amakhala chete, ndipo chete wakeyo amawerengedwa ngati umboni woti ali bwino.

Chete yemweyo ndi amene akutiphera ana. Apolisi akhala akunena chaka ndi chaka kuti anthu odzipha akuchuluka m'dziko muno, ambiri mwa iwo amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a zachuma zimatchulidwa kawirikawiri. Ophunzira a m'mayunivesite nawo ali m'gulu limeneli. Mayunivesite ali ndi alangizi, koma ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, ndipo malo amene ofesi yawo ili ndi nkhani yofunika kuposa mmene akuluakulu amaganizira. Ikakhala pa khonde lodutsa aliyense, palibe mnyamata amene angaime pakhomo pake anzake akuona. Kwa ambiri a ife, nkhani ya matenda a maganizo imatikumbutsa Zomba Mental Hospital basi, ndiye munthu amaganiza kuti kukaonana ndi mlangizi n'kuvomera kuti wapenga. Kwa zaka zambiri malamulo athu ankatenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, zimene zinawonjezera mantha oti munthu anene zimene zili mumtima. Koma thandizo lenileni lilipo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amagwira ntchito imeneyi, ndipo kachipatala ka pa sukulu kangathe kutumiza munthu koyenera. Kusagona tulo masabata, kusiya kusamba, kudzitsekera m'chipinda, kumwa mowa m'mawa, kugawa katundu wako kwa anzako popanda chifukwa, zimenezi si ulesi kapena mwano. Amene amaziona koyamba ndi wogona naye chipinda chimodzi, ndiye maphunziro a mmene ungathandizire mnzako ayenera kufika kwa ophunzira wamba, osati kwa atsogoleri a bungwe lawo okha.

Kwa atsikana njala imabwera ndi anthu ake. Galimoto zimene zimaima kunja kwa mahositelo Lachisanu madzulo timazidziwa, ndipo timafulumira kunyoza mtsikana amene wakwera osafunsa kuti wadya liti, lendi walipira bwanji, mapadi wagula ndi chiyani. Pali landilodi woti lendi ikachedwa amayamba kulankhula zina. Pali mphunzitsi woti amaitanira mwana mu ofesi madzulo kuti akambirane za malikisi. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa nkhanza zotere ndipo limafuna kuti pakhale ndondomeko zothana nazo, ndipo mayunivesite ali ndi ndondomeko zawo pa pepala. Funso la mtsikana limakhala limodzi: ndikanena, amene adzachonge mayeso anga ndi ndani? Ngati yankho ndi munthu yemweyo kapena mnzake wa mu dipatimenti, sanena. Njira yodandaulira yoyenera kukhulupirika ndi imene imachotsa pepala la mwanayo m'manja mwa amene akumudandaulira tsiku lomwelo, ndipo imamuuza wodandaula kumene nkhani yake yafika. Wotenga mimba nayenso ayenera kuuzidwa momveka kuti malo ake sanathe, ndi kuti abwerera bwanji.

Ophunzira aulumali anayamba kuganiziridwa mochedwa. Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi masitepe okhaokha, ndipo kalasi ikaikidwa m'chipinda cham'mwamba, woyenda pa njinga amanyamulidwa ndi anzake, chinthu chimene palibe munthu wamkulu amene amachikonda. Ku Zomba kuli chipinda chapadera chothandizira ophunzira osaona ndi ena ofunika zipangizo zapadera, kumene zolemba zimasinthidwa kukhala za braille ndiponso kuli makompyuta owerenga mokweza. Ndi ntchito yabwino. Imayenda bwino pamene mphunzitsi wapereka manotsi ndi mapepala a mayeso nthawi yabwino, ndipo imaima pamene waiwala kuti m'kalasi mwake muli wosaona. Wosamva amafunika womasulira chinenero cha manja amene akumvetsanso phunzirolo, ndipo anthu otere ndi osowa kwambiri.

Zimene zikusunga ana ambiri pa sukulu, kunena zoona, sizili m'ofesi. Ndi poto mmodzi wodyera anthu asanu. Ndi magulu a mapemphero monga SCOM ndi CCAPSO, magulu a Akatolika, a Adventist ndi a Asilamu, amene amasonkha kachumba ka ufa mwakachetechete n'kukasiya pakhomo pa m'bale. Ndi mayi wogulitsa nsima kuseri kwa mpanda amene ali ndi kope la ngongole ndipo amati, "Idya mwana wanga, udzalipira ikalowa." Ndi magulu a WhatsApp a anthu amene anamaliza chaka chimodzi, amene amasonkha pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Palinso mabungwe okhazikika: CAMFED imathandiza atsikana ochokera m'midzi, Soko Fund ya ku Scotland imalipirira atsikana m'mayunivesite a kuno, Medic to Medic imathandiza ophunzira zaumoyo, ndipo mabanki ndi makampani ena amapereka mphoto ndi fizi. MUST inakhazikitsa thumba lake losonkhetsa ndalama zoti zizibereka n'kumathandiza ophunzira mpaka mtsogolo, ndipo maganizo amenewa ndi oyenera kutengera. Koma mphoto zambiri zimapita kwa okhoza kwambiri, pamene njala imayamba n'kugwetsa malikisi. Mwana akafika posowa thandizo zedi amakhala atatsika kale pa mndandanda wa oyenera kulandira.

Njira yatsopano ndi yoika nkhani pa Facebook: chithunzi cha mwana ataima pakhomo pa nyumba yaudzu, kalata yosankhidwa ili m'manja, nambala ya foni pansi. Anthu amapereka, ndipo ena apita ku sukulu mwa njira imeneyi. Ndimathokoza onse amene amatero, nanenso ndimaponyako. Koma mtima wanga sukhala m'malo. Mwanayo akafika pa sukulu aliyense amamudziwa ngati uja wa pa Facebook, ndipo chithunzi chija sichifufutika. Chifundo cha pa intaneti chimakonda nkhani yatsopano. Fizi ya chaka choyamba imapezeka, ya chaka chachitatu anthu aiwala. Ndipo amene amathandizidwa ndi amene nkhani yake yagwera m'manja mwa munthu wotchuka. Mwana sayenera kuvula ulemu wake pamaso pa dziko lonse kuti aphunzire uinjiniya umene dziko lomwelo likuusowa.

Zina mwa zimene zikufunika zimafuna ndalama zambiri: mahositelo atsopano, apukipu yoyenda limodzi ndi mitengo ya pamsika, alangizi okwanira. Zimenezo tizikakamira kwa aphungu nthawi ya bajeti. Ndikanakondanso kuti sukulu iliyonse ikhale ndi chakudya chimodzi pa tsiku, nsima ndi nyemba basi, chimene wosowa angadye ndi khadi lofanana ndi la wina aliyense kuti asaoneke. Mayunivesite ena ali ndi minda, ndipo anthu amene anaphunzira kumeneko angapereke mosavuta ngati atadziwa kuti ndalama yawo ikugula ufa ndipo akuonetsedwa mmene yayendera.

Koma chinthu chimene ndikuchifuna kwambiri sichifuna bajeti. Yunivesite imadziwa kale ana amene ali pamavuto, ingoti siyang'ana. Ofesi ya zachuma ili ndi mayina a amene sanamalize fizi. Ofesi yolembetsa ili ndi mayina a amene anasankhidwa koma sanabwere, ndi amene anali pa sukulu semesita yatha koma sanalembetsenso. Mphunzitsi ali ndi mayina a amene anakhoza bwino mayeso oyamba kenako n'kusiya kupereka ntchito. Mapepala ofunsira malo amasonyeza amene achokera ku CDSS ya kumudzi ndi amene ndi amasiye. Mayina amenewa ataikidwa pamodzi pakati pa semesita, osati kumapeto, munthu mmodzi wa mu ofesi yoona za ophunzira akhoza kukhala ndi foni n'kuyamba kuimba. Asafunse kuti bwanji simunalipire. Afunse kuti, "Achimwene, mukukhala kuti? Mukudya? Tabwerani mawa tidzacheze, pali zimene tingachite." Wa chaka choyamba aliyense apatsidwe konti wa dera lakwawo kapena wa maphunziro ake woti azimuyendera, ndipo nkhani ya kuima kaye ndi kusungitsa malo ibwerezedwe m'kalasi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe ngati n'kofunika, mwezi umodzi mayeso asanayambe. Ndipo komiti imene imakhala pansi kuvomereza mayina a owidedwa isasaine dzina la mwana amene palibe wa pa sukulupo anakhala naye pansi n'kumufunsa chimene chinachitika.